Rozina Ankawerenga Mozondoka

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mu sitandade 3, sukulu yaulere itangoyamba kumene. Pasukulu yathu, kufupi ndi ku Ndunde, ana tinachuluka ngati nyerere. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo buku la Chichewa linali limodzi pa ana khumi. Tinkakhala mozungulira, bukulo lili pakati, ndipo wogwira buku ndi amene ankagawa malo. M'gulu lathu wogwira buku ndinali ine, chifukwa ndinkawerenga mothamanga. Ndivomere, matama ndinali nawo.

M'gulumo munali Rozina, mtsikana wamtali ndi wofatsa, wamkulu kuposa tonsefe. Anabwera ndi amayi ake kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, n'kumagwira maganyu m'madimba a anthu. Chinyanja chake chinali chopindika, ndiye tinkangomutchula kuti "wobwera". Tsiku loyamba lomwelo ndinamulozera malo a kutsidya, kumutu kwa buku, kumene zilembo zimaoneka mozondoka. Malo amenewo aliyense ankawakana. Anzanga enawo ndinkawasinthasintha, koma Rozina ayi. Teremu yoyamba inatha iye ali pomwepo, yachiwiri n'kuyamba, atagwada, chala chake chikutsatira mizere. Sanadandaulepo.

Tsiku lina, kunja kukuwaza chiperoni, aphunzitsi athu, Mayi Nakoma, anati tichita phunziro la kumvetsa nkhani. Nkhaniyo inali ya mayi wosauka amene kunyumba kwake kunafika munthu wapaulendo atanyowa ndi mvula. Mayiyo anali ndi mphasa imodzi yokha, pafupi ndi moto. Anadzuka, nampatsa mlendoyo malo ake, iye nakakhala pakhomo pozizira. Titawerenga kawiri, mafunso anayamba. Ine mkono m'mwamba, zala zikulira: "Ine, madamu! Ine!" Funso loyamba ndinakhoza. Lachiwiri linali lakuti mayi uja anampatsa chiyani mlendo, ndinakhozanso. Nanga tikuphunzirapo chiyani? "Tizikomera mtima alendo!" ndinayankha mokweza, anzanga n'kundiombera m'manja.

"Tsopano wina atiwerengere ndime yomaliza," anatero Mayi Nakoma. Anatenga buku m'manja mwanga nampatsa Rozina.

Rozina anaimirira. Analiyang'ana bukulo. Kenako, pang'onopang'ono, analitembenuza, kumutu kukhala kumunsi, n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga bwino, osaphonya liwu ngakhale limodzi. Koma palibe amene ankamvetsera, kalasi yonse inali itafa nalo phwete. "Wobwera akuwerenga chadodolido!" wina anakuwa. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka misozi.

Mayi Nakoma sanaseke. Anayang'ana pamene Rozina ankakhala, pamene mawondo ake anali atakumba timaenje m'dothi, n'kuyang'ananso pamalo panga.

"Mervisi, pagulu pano amagawa malo ndani?"

"Ndine, madamu."

"Nanga mnzakoyu wakhala mbali imeneyo kuyambira liti?"

Ndinangozolika.

"Undiyankhenso funso lachiwiri lija. Mayi uja anampatsa chiyani mlendo?"

"Malo ake," ndinayankha chapansipansi.

"Mafunso wakhoza onse, mwana iwe. Koma nkhaniyi sunaimve."

Ndinkayembekezera ndodo, ndipo zikanakhala bwino akanandikwapula. Sanatero. Anangolamula kuti kuyambira mawa lake buku azigwira Rozina, ine ndizikhala kutsidya.

Ndinafika kunyumba nditatupa ndi mkwiyo, n'kuwadandaulira amayi kuti aphunzitsi andichititsa manyazi chifukwa cha wobwera. Amayi ankapeta nyemba. Anaika lichero pansi. "Wobwera? Nanga makolo athu ife anachokera kuti? Si ku Mozambiki komweko, wapansi, katundu ali pamutu? Mawa ukamupepese."

M'mawa ndinalawirira, mawu opepesa ndikuwabwereza m'njira monse. Ndinagwada pa timaenje ta mawondo ake, n'kuika buku pamalo panga pakale kuti akafika alipeze. Belu linalira, Rozina sanabwere. Mawa lake sanabwerenso. Mayi Nakoma anapita kwawo kawiri kukamunyengerera, koma iye anakanitsitsa, akuti sangapirirenso kusekedwa. Patapita miyezi tinamva kuti ali ku Limbe, akulera mwana m'nyumba ya anthu. Sukulu yake inathera pansi pa mango paja.

Aphunzitsi sanasinthe lamulo lawo, choncho ndinakhalabe kutsidya, buku akugwira wina. Ine katswiri uja ndinkalephera kumaliza ngakhale mzere umodzi. Maso ankawawa, mutu unkazungulira, anzanga atembenuza tsamba ine ndikadali pa liwu loyamba. M'pamene ndinadziwa kuti pagulu pathu wanzeru ndi wakhama sanali ine. Rozina anadziphunzitsa yekha kuwerenga kuchokera pamalo pamene ndinamutaya, ndipo tsiku limene anationetsa luso lakelo tinamuthamangitsa ndi phwete.

Lero nanenso ndine mphunzitsi. Mwana akandiyankha bwino mafunso a kumvetsa nkhani sindifulumira kuomba m'manja. Ndimayamba ndayang'ana amene wakhala kumutu kwa buku, chifukwa ndinaphunzira mochedwa kuti munthu akhoza kukhoza mafunso onse nkhani osaimva. Mtima umandipwetekabe. Ndikatsika minibasi mu Limbe ndimayang'anitsitsa nkhope za amayi amtali, mwina n'kumuzindikira. Mawu opepesa amene ndinakonza m'mawa uja ndikadali nawo.