Tiana ta bakha tanyowa, nkhuku ikana kudya

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Bundabunda mtima wanga suli m'malo.

Mukumbuka kuti ninaika mazira a bakha pansi pa nkhuku, monga amai ankachitira m'zaka za m'ma 90. Tiana tinaswa bwino sabata yatha. Lero masana mvula itayamba, amuna anga ba Tembo anatsegula khola, ati, "Tisiye tisambe, bakha saopa madzi."

Tiana tonse tinathamangira m'chithaphwi cha kuseri kwa nyumba. Nkhuku ija sinalowemo. Inangoima m'mphepete, yonyowa thupi lonse, kuitana ana ake mpaka mawu kusasa.

Nitapita kukatitenga ninapeza tikunjenjemera, tinthenga titamatirira pakhungu. Kamodzi kafera m'manja mwanga. Totsalato naika m'katoni pafupi na mbaula, ndipo nkhuku ingozungulira katoniyo, ikana na gaga yomwe.

Ba Tembo akali kulimbikira kuti abakha amakonda mvula. Mwina akuluakulu, koma tiana?

Ba sisi Grace, inu munali wamkulu nthawi ija. Amai ankatsekera tiana ta bakha m'khola mvula ikamagwa, kapena nine naiwala? Niyankheni msanga, kumwamba kwadanso.