Apu ya Usipa Yomwe Ndinaipangira ku Joni

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene amayi anakwirira madengu atatu a usipa kuseri kwa nyumba. Mvula inali itagwa masiku anayi osakata, usipa unavunda pa thandala, ndipo munthu wa ku Lilongwe amene analonjeza kudzaugula anazimitsa foni. Ine ndinali nditangomaliza maphunziro a kompyuta, satifiketi ili m'sutikesi, ntchito yanga ili yotsegulira anthu a ku Lifuwu kuno mafoni akaiwala nambala yachinsinsi. Ndinaima ndikuyang'ana amayi akufotsera dzenje lija, mutu wanga ukuthamanga. Ndinadziuza kuti vutoli ndi laling'ono: wogulitsa ali kuno, wogula ali uko, sakudziwana. Nditapeza laputopu ndi netiweki yodalirika, ndikhoza kupanga apu ya pafoni yowalumikiza.

"Ndiye laputopuyo imapezeka ku Joni kokha, Tiyamike?" anandifunsa amayi nditawauza maganizo angawo.

"Ndalama yake ndi imene ili ku Joni, amayi."

Sanandiletse. Anangoti ndikafika ndikafunefune Yusufu, mwana wa Abiti Jafali, mnzawo wa geni ya nsomba. Yusufuyo tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo anali atakhala kale kumeneko zaka ziwiri.

Lero ndikulemba izi ndili pakhonde pa nyumba yomweyo, patadutsa zaka zitatu. Miyendo yanga siinazolowerebe kukhazikika. Ndikamva galimoto ikudutsa pamsewu ndimadzidzimuka ngati ndachedwa kwinakwake.

Yusufu ankaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto. Ndi iye amene anandipezera ntchito mu shopu yosindikiza mapepala ndi kujambula zithunzi za mapasipoti. Malipiro anali ochepa, koma mu shopumo munali intaneti yaulere, ndipo kwa ine chimenecho chinali chachikulu. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi azimayi awiri a ku Zimbabwe, pakati titatchinga ndi nsalu. Patatha miyezi isanu ndinagula laputopu yakale kwa munthu wokonza mafoni. Batire lake linali lakufa, chivundikiro chake ndinkachimanga ndi mphira kuti chisagwe. Magetsi akangothima, zonse zimene sindinasunge zinkapita.

Apuyo ndinaipanga pa nthawi ya nkhomaliro ndi masiku a Lamulungu. Anzanga akamapita kokayenda, ine ndinkatsala kuseri kwa makina osindikizira, buledi ali pamwendo, ndikulimbana ndi tsamba limodzi lokana kutseguka. Zida zonse zimene ndinagwiritsa ntchito zinali zaulere. Chizindikiro chake ndinajambula ndekha, kansomba kopindika kamene Yusufu ankati kakufanana ndi nthochi. Iyeyo ndi amene ankandithandiza kulipirira malo osungira apuyo pa intaneti.

"Koma mayi anga mwawafunsa?" anandifunsa tsiku lina atayimitsa njinga pakhomo pa shopu. "Zansombazi amazidziwa ndi iwo."

"Ndikawaonetsa ikatha. Ndikufuna akadabwe."

Anapukusa mutu n'kuvala chipewa chake.

Kunyumba ndinkatumiza ndalama mwezi umene ndakwanitsa, ndi zithunzi zimene ndinkajambulitsa nditaima kutsogolo kwa masitolo aakulu amene sindinkalowamo n'komwe. Sindinawauze amayi kuti masiku anga okhalira m'dzikomo anatha kalekale, kuti ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa mu shopu iliyonse ngati wogula. Sindinawauzenso za sabata imene tinadzitsekera m'chipinda chifukwa kunja anthu ankaimba nyimbo zothamangitsa alendo. Iwo ankanditumizira mauthenga a mawu pa foni ya mwana wa aneba, aafupi kwambiri: tili bwino, mpunga ku sikimu wacha, uzipemphera. Uthenga umodzi ndinkaumvetsera kakhumi. Sindinkamvera mawu awo okha. Ndinkatchera khutu ku zakumbuyo, tambala, mayi wina akukuwira mwana, wailesi ya munthu wodutsa. Pankatha masiku anayi osatulutsa liwu la Chichewa m'kamwa mwanga, ndipo ndikakumana ndi Yusufu ndinkalankhula mosalekeza mpaka iye kundikumbutsa kuti chakudya cha kasitomala chikuzizira.

Apu itatha, sindinathenso kudikira. Ndinauza abwana a pa shopu kuti ndikupita kwathu mwezi umodzi. Ndinakwera basi masiku awiri kudzera ku Mozambique, laputopu nditaikumbatira pachifuwa njira yonse, kenako minibasi mpaka pa Salima, kenako kabaza. Ndili pa kabazapo ndinkayeseza mumtima mawu amene ndikalankhule.

Amayi anandiitanira azimayi a geni pansi pa mtengo pafupi ndi mathandala. Anabwera oposa makumi awiri, ena atavala mipango ya Chisilamu, ena nsalu za kumpingo. Abiti Jafali anakhala kutsogolo pa chidebe chovundikira. Ndinafotokoza bwinobwino: mujambula nsomba zanu, mulemba mtengo, wogula wa ku Lilongwe aona pafoni yake n'kukuimbirani. Nditafunsa amene ali ndi foni yotha kutsegula apu, manja anakwera atatu, ndipo awiri anati foniyo ndi ya ana awo.

"Ndiye mtengo wanga aliyense aziuona?" anafunsa mayi wina.

"Eya, aliyense."

"Ngakhale awa akhala pambali pangawa?"

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Abiti Jafali anadikira phokoso lithe.

"Mwanangu, wagwira ntchito, Mulungu akudalitse. Koma ine mtengo sindikhala nawo umodzi. Pali bambo wa ku Dedza amene amabwera ngakhale nthawi ya mwera nsomba zikasowa. Ameneyo ndimamutsitsira. Pali wina amene amabwera pokhapokha zikachuluka. Ameneyo amalipira zonse. Kansomba kakoko kadziwa bwanji zimenezo?"

Ndinayankha zinazake zimene sindikuzikumbukira. Patatha masabata awiri, anthu olembetsa pa apu anali anayi: ine, amayi amene ndinawalembetsa ndekha, Yusufu ali ku Joni, ndi bambo wina amene ankayesa ndi ya mpira wobetcha. Ndinkangozungulira pabwalo, kulowa m'nyumba, kutulukanso. Zaka zitatu za buledi wouma zinali zitathera pa chinthu chimene palibe ankachifuna.

M'mawa wina amayi ananditumiza kwa Abiti Jafali kukasiya mpunga. Ndinawapeza atakhala pa mkeka, mafoni awiri a mabatani ali pamwendo, onse omangidwa ndi mphira ngati laputopu yanga. Anandilozera pokhala ndi mutu chifukwa ankalankhula. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Foni imodzi inali ya ogula. Inayo inali ya azimayi a geni, amene ankangobipa, iwo n'kuwaimbira. Ankadziwa amene ali ndi usipa wouma, amene utaka wake ukufunika tsiku lina, amene mwana wake wadwala ndipo katundu wake ayenera kupita msanga. Kenako ankaimbira dalaivala wa lole n'kumuuza malo oima ndi madengu oti anyamule. Azimayi a ku Lifuwu ndi midzi yoyandikana ankasonkha lole imodzi kawiri pa sabata, ndipo wogula wozimitsa foni ankafufutidwa kwa onse tsiku lomwelo.

Ndinabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Amayi, zimenezi zinayamba liti?"

"Chaka chomwe unapitacho."

"Bwanji simunandiuze?"

Anapitiriza kupeta mpunga. "Unandifunsa? Ukaimba umangoti ndikubwera ndi chinthu chodzatithandiza. Ndinaona kuti chikukulimbitsa mtima uko uli wekha, ndiye ndinangokusiya."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kuseka kwa azimayi kuja. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu kwaima, kukudikira ine.

Tsiku lotsatira ndinabwereranso kwa Abiti Jafali wopanda laputopu. Ndinawafunsa chimene chimawavuta.

"Maso," anatero. "Manambalawa sindikuwaonanso bwino. Komanso lole ikasintha nthawi, ndimayenera kuimbira anthu makumi anayi mmodzimmodzi. Mayunitsi amatha, mawu amatha, nthawi ya swala, pemphero lathu, imandipeza ndisanamalize. Ena amatsala."

Chimenecho ndinachipanga m'masiku atatu. Si apu ayi. Abiti akatumiza uthenga umodzi ku nambala ina, uthengawo umafika pa mafoni onse a mabatani nthawi imodzi. Palibe chithunzi, palibe mtengo, palibe kansomba. Azimayi amasonkha kangachepe pa ulendo uliwonse wa lole kuti mauthenga alipiridwe. Nditamuuza Yusufu anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ndimupatsire moni mayi ake.

Tsopano azimayi a mpunga ku Chinguluwe atumiza munthu kudzafunsa ngati zingathekenso kwa iwo. Ndawauza kuti ndikakhala nawo kaye sabata yathunthu ndikungoonerera. Mwezi umene ndinapempha ku Joni unatha kale, ndipo abwana alemba kawiri kufunsa ngati malo anga apatse wina. Uthengawo ndimautsegula, kuuwerenga, n'kuutsekanso. Kumeneko kuli malipiro otsimikizika mwezi ukatha. Kuno kuli mafoni makumi anayi ndi mayi wokalamba amene akundiphunzitsa ntchito imene ndinkayesa ndikudzamuphunzitsa.

Dzulo ndinawauza Abiti Jafali za uthenga wa abwanawo. Sanandiyang'ane n'komwe, ankafinya maso pa foni ya ogula.

"Zimenezo uganize wekha," anatero, n'kundipatsira foniyo. "Koma pakadali pano tandiwerengera, akuimbayu ndi ndani?"