Geti Lomwe Anawotcherera Okha Linawatsekera Kunja

Tsiku lomwe amesenjala a khoti anabwera, a Mageti anaima mumsewu n'kumaonerera katundu wawo akutulutsidwa m'nyumba imene iwo ankati ndi yawo. Matiresi anaponyedwa pafumbi. Mapoto, mabuku a ana, makina owotcherera zitsulo, zonse zinaunjikidwa m'mphepete mwa ngalande. Kenako mesenjala mmodzi anakoka geti n'kuikapo loko.

"Koma getili ndi lolimba," anatero mesenjalayo, osadziwa kuti mmisiri amene analipanga waima kumbuyo kwake, misozi ili chuchuchu.

Inu amene mukuwerenga mtima uli wosweka, khalani nane pang'ono. Nkhaniyi ndi yanu.

Bambowa ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mawindo, mabedi. N'chifukwa chake anthu anangowatcha a Mageti, moti ambiri dzina lawo lenileni sankalidziwa n'komwe. Anakula ali amasiye, akugona m'makonde mwa achibale, ndipo chimene ankachilakalaka moyo wawo wonse chinali chimodzi: khomo loti palibe angawathamangitsepo.

Nyumbayo anaigula kwa bambo wina wa pakamwa potsekemera, wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anagwirana chanza, analemberana kapepala pamaso pa mboni, makiyi n'kuperekedwa. Mayi a kunyumba atafunsa za chikalata cha umwini wa malo, wogulitsayo anaseka.

"Alamu, mapepala ndi a anthu osakhulupirirana. Chikalata chikubwera, musadere nkhawa."

Mayiwo anapempha amuna awo kuti apeze loya aone kaye zinthuzo. A Mageti anakana. "Maloya ndi a anthu olemera, Mayi. Ife tingogula basi."

Chikalatacho sichinabwere. Chimene chinabwera chinali chisamani cha kukhoti. Wogulitsa uja sanali mwini nyumba. Inali ya malemu mchimwene wake, amene anasiya ana aakazi awiri akadali pasukulu. Anawo atakula, wamkuluyo anapita kukhoti, ndipo khoti linagamula kuti nyumba ibwerere kwa eni ake. Wa jekete uja anali atazimirira kale ngati mame.

Amene anawatola mumsewu anali mlamu wawo, mlongo wake wa mayi a kunyumba, dalaivala wa lole. Anachotsa matayala akale m'kachipinda kosungiramo katundu n'kunena kuti, "Alamu, hotela yanu ndi iyi. Kununkha kwa oilo ndi kwaulere."

Ana anaseka. A Mageti sanaseke. Ankangogona chopenya khoma, osadya bwino, osafuna kuonana ndi munthu. Makasitomala akabwera kudzafunsa, ankauza ana kuti anene kuti achokapo.

Mmawa wina mayi a kunyumba anakoka makina owotcherera aja mpaka pambali pa matiresi, n'kuika magalasi akuda otchingira maso pachifuwa pa amuna awo.

"Bambo, akulandani nyumba, koma manja akusiyirani. Dzukani. Anawa akuphunzira kwa inu mmene munthu amachitira akagwa."

Anadzuka. Anayambira pansi pa mtengo kuseri kwa garaja ina, magetsi akuchita kupempha. Ndipo ulendo uno, atakakamizidwa ndi akazi awo, anapita ku ofesi imene imathandiza anthu osauka pa milandu.

Kumeneko anakumana ndi loya wina wamkazi, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Bambo, ndisakunamizeni, nyumba ija siibwerera," anatero. "Ana aja ndi eni ake, ndipo nawonso anaberedwa ngati inu. Wogulitsayo timusumira, koma musaike mtima wonse pamenepo. Tandiuzani, kodi mumadula chitsulo musanayeze?"

"Ayi, Mayi. Wotero si mmisiri."

"Kugula nyumba n'chimodzimodzi. Mudzagulanso. Tsiku limenelo mudzabwere musanadule."

Anawafotokozera pang'onopang'ono. Munthu amayamba wapita ku ofesi yoona za malo kukafufuza kuti malowo ali m'dzina la ndani. Amafufuzanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa azikhala ndi chilolezo cha khoti choyendetsera chuma cha masiye. Ndipo ndalama zimatuluka pokhapokha zosinthira dzina zitalongosoka, osati chifukwa wogulitsa ali ndi changu. A Mageti anamvetsera ngati mwana wasukulu, manyazi ndi kuthokoza zitasakanikirana.

Mlandu wa wogulitsa uja unayenda chokwawa, ndipo a Mageti sanapezepo kanthu. Koma tsiku lina, akuwotcherera bedi pansi pa mtengo paja, kunafika mtsikana wovala yunifolomu ya kampani yomanga nyumba. Anaima chapatali mpaka iwo atazimitsa makina.

"Bambo, ndine amene ndinakutulutsani m'nyumba muja."

A Mageti anamva magazi akuwira. Anafuna kumuthamangitsa, koma mtsikanayo anapitiriza.

"Tsiku lija ndinabisala kwa aneba. Ndinaona ana anu atakhala pamatiresi mumsewu, ndinakumbuka ine ndi mng'ono wanga titathamangitsidwa mommuja ndi atate athu aang'ono. Nyumba sindingakubwezereni. Koma geti lija, ntchito ya manja anu, ndimaliona tsiku lililonse. Kuntchito kwathu akufuna mmisiri wa mawindo, ndipo ndatchula inu."

Bambowo anavula magalasi akuda aja. Kenako anapukuta dzanja pa ovololo n'kumupatsa moni.

"Mwana wanga, amene anatipweteka ndi mmodzi. Tisadanirane bala lomwelo."

Ntchito ija inabala ina, inayo n'kubala inanso. Anachoka pansi pa mtengo n'kupeza shedi yawoyawo. Anachoka m'kachipinda ka matayala n'kuyamba kuchita lendi. Zaka zinapita, akusunga pang'onopang'ono, osagula ngakhale nsapato zatsopano mpaka zakale zitaseka.

Kenako anapeza nyumba yokongola, ya khonde lalikulu, khitchini yake yowala moti mayi a kunyumba anayamba kale kuloza poika mbale. Wogulitsa anati pali ena akuifunanso, achite changu. A Mageti anapita kwa loya uja.

Atafufuza, loyayo anawaitana. "Nyumbayi ili pa chikole kubanki, ndipo ngongole yake sinathe."

Wogulitsa anati zimenezo adzakonza akalandira ndalama. Mayi a kunyumba analira, chifukwa mtima unali utalowamo kale. Koma a Mageti anangoti, "Tinagulapo lonjezo kamodzi, Mayi. Kachiwiri ayi." Anaisiya. Sipanapite nthawi, banki inaigulitsa nyumbayo.

Imene anadzagula inali yaing'ono, yakale, denga lofuna kukonza. Mwini wake anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo chikalata chinalidi m'dzina lake. Komabe zinthu sizinayende mwa myaa. Oyeza malo anapeza kuti mpanda wa aneba unalowa m'malowo, ndipo panafunika kukhala pansi kangapo mpaka onse atagwirizana n'kusainirana. Ku ofesi ya malo ankauzidwa kuti abwere mawa, mawa lake n'kukhalanso mawa. Anthu ankawaseka kuti nyumbayo adzalowamo ndi ndodo. Iwo ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku losainira, loya anafunsa dzina loti lilembedwe pa chikalata.

"Mulembe awiri, langa ndi la mayiwa," anayankha a Mageti. "Ndipo tisanatuluke muno, mutithandize kulemba wilu, chikalata chonena amene adzatenge chuma chathu tikadzamwalira. Ana anga asadzalimbane ndi munthu pa khomo la makolo awo."

Katundu anasamutsidwa pa lole ya mlamu uja, amene anakana kulandira ngakhale ya mafuta. Mtsikana wa kukampani yomanga uja anabwera ndi mng'ono wake kudzathandiza kupenta. Madzulo a tsikulo a Mageti anaima pabalaza, n'kuyang'ana akazi awo, alamu awo, atsikana awiriwo ndi loya amene anangodutsa kudzaona. Anangoti, "Zikomo. Ndekha sindikanafika."

Lero munthu akabwera ku shedi kwawo kudzaoda geti la nyumba yatsopano, amayamba amufunsa ngati anafufuza umwini wa malowo. Ena amakwiya. Ambiri amadzabweranso kudzathokoza.

Mwina inunso mwataya chimene munachikhetsera thukuta zaka zambiri. Mwina munapusitsidwa, ndipo manyazi akukuletsani kutuluka panja. Lirani, koma musagone pomwepo. Funsani kwa odziwa malamulo musanapereke ndalama zanu, ndipo landirani dzanja lokuthandizani, ngakhale litachokera kumene simunayembekezere. Kugwa kamodzi si kutha kwa ulendo.

Dzukani, m'bale wanga. Osataya mtima.