Benchi la a Kumbuyo

Dzina lawo lenileni linatsalira pa khadi la kuchipatala. Anthu onse, ngakhale ana oyamwa chala, ankangoti a Kumbuyo. Poyamba silinali dzina lachipongwe, linkangonena malo. Mng'ono wawo, wokonza mapampu a madzi kumidzi yakutali, anali ndi galimoto yakale yaitali miyendo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, yofika kumene msewu unachita manyazi n'kubwerera. Kutsogolo kunkakhala mwini wake pachiwongolero, pambali pake mkazi wake. Padenga mapaipi. Kumbuyo, mbali imodzi kunali tayala lapadera lomangidwa ndi bawuti, pakati mabokosi a zitsulo, ndipo mbali inayo kunali benchi lachitsulo lokutidwa ndi chikopa chong'ambika. Pamenepo ndiye panali pa a Kumbuyo, kuyambira ndevu zili bii mpaka zitachita mbuu.

Mwina mufunsa kuti munthu wamkulu pa abale awiriwo ankalekeranji kukhala kutsogolo. Funsani alamu awo. Mayi ameneyo sankatsalira paulendo chichitikireni nkhani ina ya mwamuna wake ndi wogulitsa tomato wakutsidya kwa mtsinje, ndipo mpando wakutsogolowo ankaulondera ngati nkhuku yofungatira. Zoyendetsa galimoto a Kumbuyo anayesapo kamodzi ali mnyamata, n'kupita ndi geti ya pakhomo pamodzi ndi mzati wake. Nkhani imeneyo alamu awo ankaifotokoza kwa mlendo aliyense, moti getiyo inkakula chaka ndi chaka. Zoti a Kumbuyo anasiya sukulu n'kumakasenza matumba kuti mng'ono wawoyo aphunzire zamapampu, zimenezo palibe ankazifotokoza. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma ntchito anali nayo, ndipo ankainyadira mopitirira. Galimoto zakalezi zikafika pamatope, munthu amayenera kutsika n'kupotokola tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo kuti nawonso ayambe kukoka. Imeneyo inali ya a Kumbuyo. Pachikweza ankathamanga ndi mwala kukaika kunsi kwa tayala. Pamtsinje ankapinda buluku n'kutsogola, kuyeza kuya kwa madzi ndi mawondo awo. Galimoto ikatitimira, fosholo inali yawo, msana unali wawo, matope ochokera kumatayala ankathera kumaso kwawo. Khutu lakumanzere linagontha ndi kulira kwa chitseko chakumbuyo. Mkazi wawo anachoka kalekale, atanena kuti iye anakwatiwa ndi munthu, osati ndi dothi loti azichapa tsiku lililonse. Anatsala okha m'kachipinda kuseri kwa garaja, momwe munali mphasa, ndowa ndi msomali wokolekapo jekete. Komabe akakhala pagulu ankati, "ife tikamayenda," ngati galimotoyo ndi yawo theka. Mng'ono wawo amene anamubereka kumbuyo ali khanda, a Kumbuyo anayamba kumutchula kuti bwana, ndipo bwanayo sanawaletse.

Petulo atakwera mtengo mpaka anthu kumagwira pakamwa, bwana uja anamva zoti pali makaniko wina amene amasintha galimoto zakale kuti ziziyendera gasi, yemweyu wophikira. Alamu awo anavomera nthawi yomweyo. A Kumbuyo sanafunsidwe, koma anasangalala kuposa onse, mwakuti anadzuka m'mamawa kutsuka galimoto kuti ikafike kwa makaniko ikuwala.

Makanikoyo anthu ankamutcha Wagasi. Anali munthu wonenepa, wolankhula atalumira pensulo, ndipo bwalo lake linali lodzaza ndi mathanki achitsulo ogonekedwa m'mizere, mapaipi amkuwa opindidwa ndi mabotolo a madzi a sopo. Anatsegula kutsogolo n'kuloza pomwe aike kachipangizo kosandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya, kotenthetsedwa ndi madzi a injini. Anati galimoto izidzuka ndi petulo, ikatentha bwana azidina kabatani, basi yalowa gasi. Zonsezo zinali zosavuta. Vuto linali poika thanki.

Anagwada n'kusuzumira kunsi, kenako anapukusa mutu: galimoto yoyenda m'miyala, thanki yakunsi ikhoza kubooka. Padenga pali mapaipi, komanso thanki yolemera pamwamba ndi njira yachidule yokagudubuzikira kuphompho. Chitseko chakumbuyo chinali chitatopa kale, sichikanatha kunyamula tayala kuti thanki ilowe pamalo pake. Ndiye anatsegula chitsekocho, n'kupeza a Kumbuyo ali phee pabenchi lawo, manja pamawondo.

Tepi yoyezera anali ataiiwala m'nyumba, ndipo ulesi unali dzina lake lachiwiri. Anawauza a Kumbuyo kuti atagona pabenchipo atambasule miyendo. Iwo anagona akuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za amakaniko. Wagasi anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kuzidendene, anatembenuka kuyang'ana mathanki ake, n'kuloza imodzi yotuwa.

"Iyo ndi saizi ya madalawa ndendende," anatero. "Ndiye musankhe, bwana. Chichoke tayala kapena benchi."

A Kumbuyo anadzuka pang'onopang'ono. Sanachite mantha kwenikweni. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo iwo mwambi umenewo ankaukhulupirira ngati mwana. Anayang'ana mng'ono wawo. Mng'ono wawoyo anayang'ana tayala, analimenya ndi chikhatho kumva mpweya wake, anayang'ana mkazi wake, ndipo sanachedwe ngakhale pang'ono. Kuchedwa kokha kukanakhala ulemu.

"Kutchire sungapite wopanda tayala lapadera," anatero. "Achimwene, tapatseni Wagasi sipanala."

Tsono mverani nkhanza zake zenizeni. Mabawuti a benchi anali atachita dzimbiri, ndipo wodziwa kuwanyengerera anali a Kumbuyo omwewo. Anawamasula okha. Thanki itakwezedwa, panafunika munthu wogona kunsi kwa galimoto kuti agwire manati pamene Wagasi akumanga pamwamba. Bwana anali atavala malaya oyera. Amene analowa ndi a Kumbuyo, chagada pa katoni, dzimbiri likuwagwera m'maso, n'kumagwira nati iliyonse mwamphamvu kuti isazungulire. Mabowo ena anali omwewo a benchi lawo. Wagasi anawayamikira kuti ali ndi dzanja labwino, kenako anawapatsa botolo la madzi a sopo kuti azipaka polumikizira mapaipi, aone ngati patuluke thovu losonyeza kuti gasi akuthawa. Anapaka mosamala, akupemphera chamumtima kuti thovu lituluke. Silinatuluke ngakhale limodzi.

Pobwerera kunyumba anakhala pamwamba pa bokosi la zitsulo, mutu ukugunda denga, benchi lili pamiyendo. Alamu awo anatembenuka n'kunena kuti aone mwayi wawo, anthu ena akapuma pantchito amangopatsidwa moni, iwo apatsidwa mpando.

Benchilo analiika pakhomo pa kachipinda kawo, pamwamba pa njerwa. M'mawa uliwonse ankadzukabe nthawi yakale, kuvala jekete, kutsegula geti, n'kuima pambali. Galimoto inkadzuka ndi petulo, inkatentha, kenako kulira kwake kunkasintha n'kukhala kofewa, ndipo inkatuluka ikusiya kafungo ka kabichi woola. Pa zenera lakumbuyo, pamene kale pankaoneka chipewa chawo, tsopano pankaoneka msana wa thanki. Bwana ankaimika dzanja osayang'ana. Chakudya ankawapatsabe, inde, tisaname. Alamu awo ankachitumiza ndi mawu akuti pakhomo pano pali thanki ziwiri, koma yodzaza n'kuyendetsa galimoto ndi imodzi yokha.

A Kumbuyo anayamba kudikira mvula. Zinali zoipa, ndipo iwo ankadziwa kuti n'zoipa, koma ankazifuna ndi mtima wonse: galimotoyo ikatitimire mpaka m'mimba pa dambo lamatope la kuseri kwa phiri, bwana agwade m'matope ndi malaya ake oyera, alamu agwire fosholo, kenako atume munthu kudzawatenga. Mawu oti adzayankhe anali atawakonza kale. Sakanadzanyoza ayi. Akanangovala jekete n'kunena kuti tiyeni.

Mvula inabwera, yamphamvu, pa tsiku lomwe ulendo unali wa kudambo komweko. A Kumbuyo anakhala pabenchi pansi pa khonde tsiku lonse, fosholo ataitsamiritsa pakhoma pafupi ndi dzanja. Njinga iliyonse yodutsa pamsewu ankaiyesa mthenga. Chakudya chamasana sanachikhudze.

Dzuwa litapendeka anamva hutala pageti. Galimoto inalowa yokha, ndi mphamvu zake, matope mpaka pamagalasi. Alamu awo anatsika ali ouma ngati chikuni, akuseka. Bwana anatsika akudziwongola msana, nsapato zokha ndiye zinali zitada. A Kumbuyo analephera kudzigwira, anafunsa za dambo lija, kuti nanga matayala akutsogolo anawatsekera ndani.

"Tizitsulo tija? Ndinatsika ndekha n'kupotokola," anayankha mng'ono wawo, akusonyeza ndi zala ziwiri. "Kodi ntchito yake ndi yomweyi basi? Ine ndinkayesa pali zambiri."

Alamu awo anawonjezera kuti ndipo galimoto yapepuka, pachikweza paja yakwera ngati mbuzi. A Kumbuyo anamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, ngakhale khutu logontha lija. Zaka zonse zija, mkazi wawo, msana wawo, zonse zinali zitakwana pakati pa zala ziwiri.

Koma bwana anali asanamalize. Anati kutsidya kwa dambo anaponda chitsa chosongoka, tayala lakumbuyo n'kuphwa, ndipo chikanakhala kuti analibe lapadera bwenzi akugona kutchire. Anatsegula chitseko chakumbuyo. Lapadera lija linali litalowa ntchito, ndipo pamalo pake panali lophwalo, lomwe tsopano ndilo lizikhala lapadera. Analigubuduza mpaka linakagwera pamapazi pa mkulu wake.

"Mulimate bwinobwino, achimwene, musalithamangire. Limeneli ndiye m'bale wathu wapaulendo."

Analowa m'nyumba ndi mkazi wake, chitseko n'kutsekeka.

A Kumbuyo analikokera tayalalo pafupi ndi benchi lawo. Kenako anatenga zitsulo zochotsera, anatulutsa chubu, anachipopa, anatunga madzi m'ndowa yawo n'kusungunulamo kasopo kawo kosambira. Anakhala pabenchi, chubu pamiyendo, n'kumapaka pang'onopang'ono mpaka thovu linatumphuka. Anapala pamalopo, anapaka guluu, anadikira kuti aume, anaika chigamba n'kuchipsinja ndi chala chachikulu nthawi yaitali. Kuchita ntchito mwachinyengo sankakudziwa, ndipo ukalamba si nthawi yophunzira.

M'mawa analigubuduza okha kupita nalo kugalimoto, analikweza, analimanga ndi bawuti yake moyang'anana ndi thanki, n'kuligwedeza kuona ngati lakhala bwino, kuti lisavutike panjira. Atatero anatsika, anatseka chitseko, n'kupita kukatsegula geti.