Tsiku Limene Ndinasasula Denga Lathu

Tsiku limenelo ku Kawale tinalipo anthu asanu: ine Lemani, amayi anga, mlongo wanga Esinati, kamng'ono kathu Yohane kali kumbuyo kwa amayi, ndi a NaPhiri, mayi wa ku Dedza amene tinayandikana naye nyumba. Bambo anali ku ntchito yokumba ngalande za m'misewu. Ndawatchula onse dala kuti wina asati mkuluyu akukometsera. Esinati akadali moyo ku Chilinde, kamufunseni. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, zolemba zanga zimakhala ngati padutsa nkhuku, koma mutu uwu suiwala kanthu.

Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Chiradzulu, tikugona m'kachisakasa ka udzu. Bambo analumbira kuti ana awo adzagona m'nyumba ya njerwa. Miyezi itatu yathunthu tinaponda dothi. Akaweruka ku ntchito ankagwira chikombole, amayi n'kumatunga madzi, ine n'kumanyamula ndi kukhutula, mpaka mapazi anang'ambika ming'alu. Njerwa zikauma tinkaziunjika milumilu pabwalo, kudikira tsiku lopanga uvuni. Amene anaumbapo akudziwa: njerwa yosaotcha ilibe mdani wina koma mvula. Ikangonyowa imabwerera kwawo, matope.

Udzu wophimbira miluyo bambo anati adzamweta Loweruka. Mvula sinadikire Loweruka ayi. Linali Lachinayi masana, dzuwa likuwotcha moti nkhuku zinali yasa kukamwa pansi pa mtengo (cheteee, osatakataka). Mwadzidzidzi mphepo inatembenuka, mitambo inadza bii kuchokera cha ku Bunda, ndipo tinamva fungo lija la fumbi lonyowa. Chizimalupsa!

Amayi anatuluka ndi mphasa ziwiri. Mphasa ziwiri, pa njerwa za nyumba yonse! Esinati anabwera ndi lichero, mwana wosauka. A NaPhiri anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuyala pa mulu umodzi. Ine ndinayang'ana uku ndi uku, udzu kulibe. Ndiye maso anga anagwera pa denga lathu.

Sindinafunse munthu. Ndinatola chikwanje, kuponda pa mtondo, ndili pamwamba. Ndinadula luzi n'kuyamba kusasula, mtolo ndi mtolo, kuponyera pansi, mwaye ukulowa m'maso ndi m'mphuno.

"Lemani! Wapenga iwe? Tsika msanga!" anatero amayi.

"Amayi, tolani udzuwo!"

Mawu angawa, amene adzukulu amati ndiziwachepetsa, anayamba tsiku limenelo. Amene anandimva msanga ndi a NaPhiri. "Amake Lemani, musiyeni mwana, waona patali. Tiyeni tiyale!" Anayala, Esinati akutsindira ndi miyala. Mulu womaliza tinauphimba madontho akugunda kale pamsana ngati nsawawa.

Kenako inakhuthuka. Tinabisala pakhonde pa a NaPhiri, tikuonerera nyumba yathu ili mbee, mitengo yokhayokha ngati nthiti za ng'ombe. Ufa unanyowa. Bulangete lathu limodzi lokhalo linanyowa. Choopsa koposa, jekete la bambo lopitira kutchalitchi linali lende pa msomali, likumwa madzi. Apo ndiye ndinadziwa kuti zanga zada, poti bambo anga lamba sankamunyengerera.

Bambo anafika dzuwa litapendeka, mvula itakata, ali chinyowere. Anaima. Anayang'ana denga, anayang'ana jekete. Anapita pa mulu, kupisa dzanja pansi pa udzu, kusolola njerwa imodzi. Youma gwa. Anapita pa mulu wina, chimodzimodzi. Milu yonse anaiyendera.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine," ndinatero ndili kuseri kwa a NaPhiri. Pamenepo mawu aakulu aja anali atathawa.

Anandigwira khutu n'kulipotokola pang'ono. "Ili ndi la jekete." Kenako anandisanjika dzanja lawo lokhakhala pamutu, nthawi yaitali, n'kuuza amayi kuti, "Amake Lemani, udzu umamera chaka ndi chaka. Takhala ndi mwamuna wachiwiri pakhomo pano."

Masiku asanu ndi limodzi tinagona kwa a NaPhiri, mothinana ngati usipa m'chitini, mpaka bambo anafoleranso. Amayi ankachita manyazi poti tinali alendo a kum'mwera, koma a NaPhiri ankangoti, "Lowani, amayi. Denga silifunsa kuti kwanu n'kuti." Njerwa zija tinaotcha, nyumba inamangidwa, ndipo ndi imene ndakhalamo ndikulemba zino.

Masiku ano zinthu zaphweka, ndipo sindidandaula. Kumwamba kukada, mumangothamangira kumsika kukagula pepala lakuda lapulasitiki, basi. Ana athu akumangira mabuloko a simenti, osaopa mvula. Koma ndikaona mzimayi akuthamangira kukaanula zovala za mnzake amene wapita kutauni, ndimati a NaPhiri sanafe, akadali m'Kawale muno.

Mwezi wathawu kunabwera mwana wanga Madalitso, amene wamanga yake ku Area 25. Anapeza mabeseni ali mbwee pabalaza, poti malata anga anabooka. Anati nyumbayi yatopa, tiigwetse, ine ndikakhale kwa iye. Ndinakuwa moti agalu a kwa aneba anauwa. Nditapuma, ndinamukoka dzanja kupita naye kuseri, pamene pulasitala anagwa, n'kumuonetsa njerwa yokhala ndi chidindo cha chala cha agogo ake. Ndinamufotokozera zonsezi, kuyambira mphasa ziwiri mpaka khutu langa. Anasisita njerwa ija. Kenako anati:

"Bambo, khoma ili sitilikhudza. Tingofolera malata atsopano. Ndipo ine sindidikira Loweruka, ndibwera nawo mawa m'mawa."