Kapamba wa Mwanamvua

Mwanamvua ankagulitsa zitenje pa msika wa Chiponde. Ankakazipikula yekha ku Mandimba, tsidya la malire, pa njinga yamoto ya kabaza. Anali mayi wa ana anayi, wosalola kupondedwa, ndipo mwamuna wake Yunus anali atakhalitsa ku Joni osabwera.

Tsiku lina anamva chotupa kunsi kwa mchombo. Akachikankha chinkasuntha, nthawi zina chinkapweteka ngati wina akupotokola chingwe m'kati. Mimba itayamba kuonekera, manong'onong'o anadzaza msika. A Ajira, achemwali ake a Yunus, anaimba foni ku Joni kuti mkazi uja ali ndi pakati pa wakabaza. Yunus sanafunse kanthu. Anangotumiza mawu kuti ukwati watha.

Amayi ake anamuchonderera kuti akabisale kaye kwa amalume ake ku Makanjira.

"Ndibisale ndaba cha yani?" anatero Mwanamvua.

Anapitiriza kuyala zitenje pamalo ake, kabaza wakenso yemweyo. Ululu utakula, anakaima pakhomo pa a Ajira.

"Alamu, konzekani. Mwana munamulengeza ku Joni uja tikamuonere limodzi."

Anthu anali kumva, choncho a Ajira analephera kukana.

Ku chipatala cha ku boma, mayi wojambula dzina lake Annette anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo ka sikani. M'chiberekero munalibe kanthu. Anakwera nako kunsi kwa nthiti za kumanzere, n'kufufuza pamenepo nthawi yaitali, kenaka anabwereranso pa chotupa chija.

"Mayi, mulibe pakati. Uyu ndi kapamba. Malo ake ndi kuno kunthiti, koma zomugwira zinatamuka, ndiye watsikira m'munsi."

"Auzeni alamu angawa," anatero Mwanamvua. "Mawu awo ndi amene amamveka ku Joni."

A Ajira anayang'ana pansi. "Ife tinangoona mimba."

"Munaona mimba. Koma mwana munamutchula, bambo wake munamutchulanso."

Achipatala anamutumiza Mwanamvua ku Blantyre, kumene makina aakulu ojambula anaonetsa kuti mitsempha ya magazi ya kapambayo inali itapotana. Anamuchita opaleshoni n'kumuchotsa. Madokotala anamuchenjeza kuti popeza alibe kapamba, malungo asamawalekerere ngakhale tsiku limodzi.

Atachira, ankhoswe a Yunus anabwera kudzapepesa. Anati mwamuna ananamizidwa, ali kutali, zikonzedwe asanabwerere. Mwanamvua anawayalira mkeka, anawapatsa tiyi, n'kuwamvetsera mpaka anamaliza.

"Foni yothetsera ukwati anali nayo," anatero. "Yofunsira ngati ndikudwala analibe. Kamuuzeni kuti ana ake akawafuna, nyumba akuidziwa. Ine ayi."

Amayi ake analira, ashehe anamulangiza kuti aganizenso, koma sanasinthe. Lero ali ndi benchi yachiwiri pamsika, ndipo azimayi ena akamva chachilendo m'mimba amayamba afunsa iye njira ya ku sikani.