Chithunzi cha Che Jafali ku Nsanama

Ntchito yojambula ndinaipeza chifukwa cha mvula. Ndinausa pakhonde la situdiyo ina ku Balaka, ndipo mwini wake, a Chikopa, anandiona ndikujambula amayi ogulitsa mandasi ndi foni yanga. Anayang'ana zithunzizo n'kunena kuti, "Diso uli nalo, koma dzanja likunjenjemera. Ubwere Lolemba."

Miyezi itatu ndinkangopukuta magalasi, kutchaja mabatire ndi kujambula zithunzi za ziphaso. Kenako anandigwiritsa lenzi yaitali, ya 70-200, yolemera ngati njerwa yootcha. Anandiphunzitsa kuichirikiza ndi dzanja lamanzere zigongono zili m'nthiti, kutsegula apecha, kabowo kolowetsa kuwala, pa 2.8 kuti zakumbuyo zizimiririke, kuika liwiro la shata, chotsekera kabowoko, pa 1/500 kuti chithunzi chisagwedere, ndi kulozetsa fokasi padiso la munthu, osati pamphuno. Lenzi imeneyi imakulola kujambula uli patali, nkhope ya munthu ili mmene imakhalira masiku onse.

Ulendo wanga woyamba ndekha unali wa ku ndowa, ukwati wa Chisilamu, ku Nsanama, a Chikopa atagona ndi malungo. Nditangofika, mkwatibwi, Asiyatu, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, zina zonse mukhoza kulakwitsa, koma mundijambulire ababa akuseka. Akudwala, ndipo achipatala anatiuza kale zoona. Akaona kamera amatembenuka, ndiye asadziwe."

Ndinavomera osaganiza.

Bambo akewo, che Jafali, msodzi wakale wa ku nyanja ya Chiuta, anakhala pansi pa mtengo wa mango atavala mkanjo woyera womwe unali utawakulira. Ndinakabisala kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinadikira pafupifupi ola, mkono ukuwawa, anthu akudutsadutsa kutsogolo kwa lenzi. Asiyatu atatuluka, amayi akululutira, nkhope ya bambowo inamasuka. Ndinadina katatu.

Pomwepo dzanja linandigwira paphewa.

"Ndiwe ndani iwe? Ukujambula chiyani mobisala?" Anali a Twaibu, mng'ono wawo wa che Jafali.

"Ndine wojambula wa ukwatiwu, bambo."

"Iyayi! Wojambula ndi a Chikopa, timawadziwa. Komanso wojambula ukwati amaima poyera. Wakutuma ndani?"

Amuna anayamba kundizinga. Wina anati ndine wa anthu aja ojambula odwala n'kumawaika pa intaneti. Wina anati kamerayo iphwanyidwe. A Twaibu anakoka lamba wa kamerayo mpaka anandikanda m'khosi. Nyimbo zinaleka. Ndinaona Asiyatu ataima pakati pa amayi, maso ali pa ine. Ndikanatchula dzina lake ndikanapulumuka, koma onse akanadziwa kuti anaulula matenda a bambo ake kwa mlendo, pa tsiku la ukwati wake.

"Chonde," ndinatero, "mundipititse kwa amene ndawajambulawo. Akanena kuti ndifufute, ndifufuta inu mukuona."

Ndinagwada pamaso pa che Jafali n'kuwaonetsa kagalasi ka kuseri kwa kamera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndine? Ndaonda chonchi?"

Chala changa chinali kale pa batani lofufutira.

"Koma ndikuseka," anatero chapansipansi. Anayang'ana kumene kunali mwana wawo, kenako ine. Sanafunse amene anandituma. "Twaibu, musiyeni. Koma iwe mwanawe, timabisalira nsomba. Munthu timamuuza."

Anaitana Asiyatu kuti ndiwajambule limodzi. Anaimirira movutika, manja m'mbali, nkhope itauma ngati ya pachiphaso. Ndinajambula ndithu.

Che Jafali anamwalira chimanga chisanakololedwe. Patapita milungu ingapo a Twaibu anatulukira ku situdiyo. Ndinawaonetsa zithunzi zonse, ndipo analoza chija ndinajambula kuseri kwa khola. Anati ndichikulitse, aliyense wa ana asanu a malemuwo akhale ndi chake.

Chithunzicho n'chabwino, koma njira yomwe ndinachipezera sindinaibwerezenso. Masiku ano ndikafika pa mwambo ndimayamba ndapereka moni kwa akuluakulu, kuwaonetsa lenziyo ndi kuwauza kuti ndizijambula ndili patali. Wokana ndimamusiya. Enawo amaumitsa khosi kwa kanthawi, kenako amaiwala kuti ndilipo, ndipo apo m'pamene ndimakweza kamera.